Kukweza Hilux ndi tsiku limodzi, kuikhazika bwino kwanditengera miyezi iwiri

Dzulo ndatulutsanso galimoto pa alayimenti, pamene amawongola kaimidwe ka matayala, ndipo tsopano ikuyenda molunjika osalimbana ndi chiwongolero. Ndi Hilux ya dizilo ya 3.0 D-4D, zija za pakati pa 2005 ndi 2015. Ndinaikweza mamilimita 50, n'kuchotsa matayala a 265/65R17 kuika a 285/70R17. Za kuika mashoko ndi masipuling'i atsopano sindikambapo, makaniko aliyense wodziwa ntchito amamaliza dzuwa lisanalowe. Nkhani yagona pa zimene zimabwera pambuyo pake, zimene wogulitsa sakuuzani pamene akuwerenga ndalama zanu.

Musanamasule nati ngakhale imodzi, tengani tepi muyeze kuchokera pakati pa habu kufika m'mphepete mwa madigadi, matayala onse anayi, galimoto itaima pamalo osalala. Lembani manambalawo. Kenako pitani pa alayimenti galimoto idakali mmene inalili, mukatenge pepala losindikizidwa loonetsa caster, camber ndi toe, ngodya zitatu za kaimidwe ka matayala. Ine ndinayeza ndi tepi koma pepala sindinatenge, ndipo mavuto onse anayambira pamenepo.

Caster ndi imene imabweza chiwongolero pakati mukatuluka pakona, ndiponso imene imagwira galimoto kuti isamayendeyende pamsewu. Mukakweza kutsogolo, ma control arm, mikono yachitsulo yolumikiza tayala ku chasisi, amaloza pansi ndipo caster imachepa. Zotsatira zake, pa liwiro la 80 galimoto imatsata mzere uliwonse wa phula, chiwongolero chimapepuka ngati palibe chimene chagwira, ndipo mukadutsana ndi thiraki mumachita kukonza njira ndi manja onse awiri. Pa Hilux imeneyi caster ndi camber zimasinthidwa ndi mabawuti a kamu anayi amene ali pa control arm ya m'munsi, awiri mbali iliyonse.

Mabawuti amenewa ndiwo andidyera masiku. Ulendo woyamba, pamalo ena opangira alayimenti, anaikweza pamakina, mphindi makumi awiri yatsika. "Bwana, yatheka." Ndinalipira. Pamsewu palibe chasintha. Ulendo wachiwiri ndinafika m'mawa, magetsi anazima galimoto ili kale pamwamba, ndinakhala pabenchi mpaka cha m'ma 3 koloko. Atayaka, anagwiranso pang'ono n'kunena kuti galimoto yokweza imayenda choncho basi, ndizolowere. Nditafunsa pepala akuti inki yatha. Ndinalowa ndekha pansi ndi tochi, ndipo pa mabawuti a kamu aja panalibe ngakhale chizindikiro cha sipanala. Dothi lake linali lomwe lija la dzinja latha. Anangosintha toe pa tie rod, kachitsulo kokhotetsa tayala, maulendo onse awiri, ndalama n'kulandira yonse.

Chifukwa chake ndinachidziwa pambuyo pake. Mabawutiwo anagwirana ndi dzimbiri m'kati mwa paipi yachitsulo ya m'bushi. Nati imamasuka, koma bawuti sizungulira, kapena ikazungulira imapotokola labala wa bushi n'kumung'amba. Mnyamata wa pamakina amadziwa kuti akayamba kulimbana nayo tsiku lapita, ndiye amangokhala chete. Chimene chimandipsetsa mtima si dzimbiri, dzimbiri ndi la galimoto yanga. N'chifukwa chiyani osandiuza? Awiri mwa anayiwo tinachita kudula ndi sowo pakati pa bushi ndi chasisi, kugula mabushi atsopano ndi mabawuti atsopano, n'kupaka girizi wa kopa thupi lonse la bawuti tisanalowetse. Ngati galimoto yanu yawoloka matope kwa zaka, gulani zimenezi limodzi ndi mashoko, musadikire. Ndipo musalipire alayimenti popanda pepala. Inki ikatha, jambulani sikirini ndi foni.

Mabawuti atamasuka caster inafikabe pa digiri imodzi yokha ndi pang'ono, kamu itafika kumapeto. Apa m'pamene pamafunika ma control arm a pamwamba opangidwira galimoto yokweza. Amachita zinthu ziwiri: amasuntha ball joint, mfundo yolumikiza control arm ndi tayala, kuti caster ibwerere, ndiponso amapindika mopatsa malo sipuling'i. Ya fakitale ija, tayala likalendewera m'dzenje, imagunda sipuling'i, mumamva "gu" kutsogolo, ndipo mukayang'ana mupeza penti yachoka pamene zikukhudzana. Ball joint nayo imagwira ntchito itapendekeka mpaka malire, labala wake amang'ambika msanga. Ma control arm anga ndinaitanitsa ku Johannesburg ndipo ndinadikira milungu itatu galimoto ikuyenda ngati yoledzera. Ataikidwa, pepala la dzulo likuonetsa caster pafupi ndi madigiri atatu mbali zonse.

Ndaiwala chinthu chimene chinayenera kubwera koyambirira. Mabawuti onse odutsa m'mabushi a labala, kaya a control arm, a m'munsi mwa shoko kapena a mashakolo akumbuyo, amamangidwa komaliza galimoto itatsika pa jeke, itaima ndi matayala ake. Mukamanga ili m'mwamba, labala amagwidwa pamalo olendewera, ndiye ikatsika amakhala wopotokoka nthawi zonse. Miyezi ingapo bushi yatha, ndipo galimoto imaima mokwera kuposa mmene iyenera. Imani pomwepo muone ndi maso anu, chifukwa kumanga ili m'mwamba n'kosavuta ndipo ambiri amatero.

Za ma CV, mfundo za pa shafiti yotenga mphamvu ku difu kupita ku tayala lakutsogolo. Difu yakutsogolo imamangidwa ku chasisi, ndiye chasisi ikakwera difu imakwera nayo pamene habu yatsala pansi. Shafiti imapendekeka, makwinya a labala wa CV amayamba kukhulana, girizi n'kumwazika m'kati mwa rimu. Pa mamilimita 50 anthu amatsutsana ngati diff drop ikufunika. Ndi timasipesa totsitsa difu pafupifupi mamilimita 25, ndipo chitsulo choteteza pansi chimafunanso kutsitsidwa, kutanthauza kuti mwabweza pang'ono mpata umene munaufuna. Ine ndinaika chifukwa makwinya a mbali ya m'kati ankakhudzana galimoto itangoima. Akapanda kukhudzana, isiyeni. Chofunika kwambiri n'chakuti tayala likhalebe ndi mpata wotsikira. Kwezani ndi jeke pa chasisi mpaka tayala lilendewere, yezani habu mpaka madigadi, chotsanipo muyeso womwewo wa pamene galimoto yaima ndi matayala ake. Yanga yatsala ndi mamilimita 60. Amene amawonjezera masipesa pamwamba pa shoko yokweza kale amadya mpata umenewu, ndiye pamsewu wa mabampu tayala limangodumpha, CV n'kuthyoka tsiku limene mwaifuna.

Kumbuyo kuli zinthu zinayi, zonse zotchipa. Paipi ya labala ya mabuleki yochokera ku chasisi kupita ku akiselo: lendewetsani akiselo muone ngati yakokeka, ikakhala ngati chingwe cha gitala ikani yaitali, n'kuchotsa mpweya m'mabuleki. Chachiwiri, ngati yanu ili ndi valavu yoyeza katundu, ija ili ndi kamtengo kachitsulo kolumikiza ku akiselo, imaona kukwera kuja ngati galimoto ilibe katundu n'kuchepetsa mphamvu ya mabuleki akumbuyo. Bulaketi yake italikitsidwe ndi muyeso womwe mwakwezera. Chachitatu ndi kunjenjemera ponyamuka, pakati pa giya yoyamba ndi yachiwiri. Ndinayamba kukayikira kilatchi, koma inali propshaft, shafiti yopita ku difu yakumbuyo, imene ili ya zigawo ziwiri ndipo ngodya yake yasintha. Kasipesa kotsitsa beringi ya pakati kanathetsa zonse, yambani ndi kopyapyala muziwonjezera. Chachinayi, ma U-bolt, omangira sipuling'i ku akiselo, akhale atsopano, ndipo muwamangenso mukayenda makilomita 500, chifukwa zitsulo za sipuling'i zimakhazikika ndipo manati amalefuka.

Matayala eni akewo amakhula. La 265/65R17 ndi mamilimita 776 kutalika, la 285/70R17 ndi 831. Kukweza sikukulitsa malo amene tayala limalowa sipuling'i ikafinyika, kumangosintha pamene galimoto imaima. Mukakhota mpaka kumapeto mukubwerera m'mbuyo, tayala limagwira pulasitiki wa m'kati, labala wotchinga matope, ndi chitsulo chimene chimanyamula bodi kuseri kwa tayala lakutsogolo. Pulasitiki timatenthetsa n'kukankha. Chitsulocho chimafuna kudulidwa pakona n'kuwotchereranso mbale yokhuthala, ndipo iyi si ntchito ya wowotcherera mageti, pamakhala bodi ya galimoto pamenepo. Caster yabwino imathandizanso kusuntha tayala patsogolo pang'ono, n'chifukwa chake musadule kanthu alayimenti isanathe. Pa marimu, werengani nambala ya ET kuseri kwake, yosonyeza mmene rimu imatulukira kunja kapena kulowera m'kati. Rimu yotulukira kunja kwambiri imaoneka bwino, koma imakulitsa bwalo limene tayala limasesa pokhota, imalemetsa maberingi, ndipo m'dzinja imathira matope akabaza onse amene mukuwapitirira.

Kusiyana kwa 776 ndi 831 ndi 7 pa 100 iliyonse, ndipo kumaonekera paliponse. Liwiro lenileni limaposa la pawotchi ndi muyeso umenewo poyerekeza ndi kale: pamene inkaonetsa 80 tsopano muli pafupi ndi 86. Yerekezani ndi GPS ya pafoni musanakumane ndi kamera. Makilomita nawo amawerengeka ochepa, choncho powerengera mafuta kapena nthawi yosintha oyilo wonjezerani 7 pa 100 yomweyo. Mphamvu pa tayala imatsika chimodzimodzi. Pachigwa simumva, koma pokwera Chiweta ndi katundu mumatsitsa giya pamene kale simunkatsitsa. Mankhwala ake ndi kusintha magiya a m'madifu: tengani ratio yanu muchulukitse ndi 1.07, mwachitsanzo 3.9 imafuna 4.17, ndiye mumasankha yoyandikira. Madifu onse awiri asinthidwe mofanana, apo ayi mukangolowetsa 4x4 kutsogolo ndi kumbuyo zimakokana mpaka china chithyoke. Ine sindinasinthe. Pa dizilo ya giya yamanja 7 pa 100 imapiririka, ndipo womanga difu molakwika amakupatsani kulira kumene sikutha. Kupitirira saizi imeneyi, kapena ngati mumakoka ngolo, musazembe.

Mabuleki ndi amene sindikanalola kuwasiya. Tayala lalikulu ndi lolemera ndiponso lili ndi mkono wautali wolimbana ndi disiki. Ndinaika mapadi abwino, ndinasintha mafuta onse a mabuleki, ndinasintha ndi nsapato za mabuleki akumbuyo. Ngakhale zili choncho mtunda woimira watalika, ndipo potsika msewu wa Golodi kuchokera ku Livingstonia muzidalira giya yotsika, osati phazi. Galimoto yakwera, pakona imapendama kuposa kale, makamaka mukasanjika katundu padenga.

Zotsala n'zazing'ono koma zimaluma. Jeke ya fakitale mwina siifikanso, yesani pakhomo, osati m'thengo usiku, ndipo muziyenda ndi thabwa lokhuthala. Sipeya ikhale ya saizi yomweyo, muonenso ngati ikulowa pansi pa bodi osakhudza ekizozi. Nyali zitsitsidwe, chifukwa kumbuyo ndi kutsogolo sizikwera mofanana ndipo muzithobwa anzanu m'maso. A inshuwalansi auzeni zimene mwasintha, mwa kalata.

Masipuling'i atsopano amakhazikika pakapita milungu ingapo, ndiye ndidzayezanso ndi tepi ndikakwanitsa makilomita 1,000, n'kubwereranso pamakina. Ndikapita ndidzaika kadontho ka penti pa bawuti iliyonse ya kamu ndisanapereke makiyi, ndipo pepala ndidzaliona ndisanatulutse chikwama.