Amalume andisokonezera nkhani yanga

Tulo takana ndiye bola ndingolemba. Miyezi itatu tsopano ndakhala ndikulimbana ndi kankhani kopeka ka mnyamata woyendetsa kampeni ya shado MP, ndipo ndimaona ngati katheka mpaka lero, kaya ndizinena kuti dzulo poti nthawi yapita kale, pamene ndinakumana ndi amalume pachiwaya pa Dedza boma. Kumazizira koopsa, phiri lonse lili mu chifunga.

Mu nkhanimo muli anthu awiri. Mnyamatayo ndi woyera mtima, amakhulupirira kuti voti itha kubweretsa mjigo ndi mlatho kumudzi kwawo, ndalama amakana kugawa. Bwana wake ndiye tambwali woyenda ndi chikwama cha ma K2,000. Amalumewo ndinawawerengera pafoni ndime ziwiri poti iwowo za kampenizi anayamba mu 1994, akuyenda panjinga yakapalasa midzi ya ku Bembeke. Anangomvetsera uku akudya chipisi, kenako akuti, "Mphwanga, walemba bwino, koma anthu awiriwa ndi munthu mmodzi. Wangomudula pakati."

Zinandipweteka, sindinama. Ndinati amalume, wogawa ndalama angakhale bwanji wokhulupirira? Ndinawakumbutsanso kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa zogawagawazi. Akuti akulidziwa kuposa ine. Ndiye anayamba kufotokoza za mapulaimale, anthu kuima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna aliyense akuona, lole yahayala, nsalu, matisheti, azimayi amene asiya dimba la mbatatesi tsiku lonse ayenda wapansi kuchokera kutali, "iweyo ungawabweze ndi njala?" Ndinati kumeneko ndi kugula anthu basi. Sanakane. Anati eya ndinagawa, ndipo manja omwewa mu 2019 ndili monitala anakana kusaina pepala la zotsatira lopakidwa Tipp-Ex, ndinachezera pasukulu ndi tochi kukuzizira chonchi. Pa 3 February 2020 akuti anakhala pawailesi tsiku lathunthu kumvera majaji asanu aja, atamva kuti chisankho cha pulezidenti chafafanizidwa analira ngati mwana, akazi awo mpaka kudabwa.

Apa ndinasowa chonena. Chimene chikundivuta ndi choti ndimawakonda amalumewa, anandilipirirapo fizi ndili fomu 3, ndipo mwina ndalama imeneyo inachokera mu chikwama chomwecho, sindinafunsepo. Kunyumba kwathu nsalu zachipani ndi zomwe mayi amafunditsa ana, zamitundu yosiyanasiyana, ndakulira momwemo. Nanga ine mnyamata wosadetsedwa uja ndinamutenga kuti? Ndikuona ngati ndinamulemba chifukwa ndimafunitsitsa atakhalapo, ndatopa ndi kumva kuti ndale ndi kudya basi, mtima wanga sukufuna kuvomera zimenezo.

Munthu wina amene amalume anamuvutikira mpaka kupambana akuti anasiya kuyankha foni patangotha mwezi. Koma pa chisankho cha pa 16 September 2025 amalumewo anali pa lole kachiwiri, mawu atasasa ndi chimkuzamawu. Ndinati chifukwa chiyani amalume, simutopa? Anapukuta manja papepala, akuti pa riferendamu ya 1993 iwo anavotera nyali ya zipani zambiri pamene ambiri kuno ankati tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo sanauze munthu ngakhale bambo awo. "Tsiku limenelo ndinaona kuti kapepala kanga kawerengedwa. Chiyambire pamenepo ndimangofuna ndizikhala pafupi akamawerenga." Basi, minibasi ya ku Lizulu inadzadza, anakwera.

Ndatsegula nkhani ija kanayi usiku uno. Ndikamupatsa mnyamatayo chikwama ndikuopa kuti owerenga aziti ndikuikira kumbuyo katangale, ndipo ine zogula mavoti ndimadana nazo ndi mtima wonse, mjigo wa kwathu unafa kalekale anthu akulandira nsalu. Ndikamusiya woyera, mawu a amalume aja akungondibwerera, wamudula pakati. Pali funso limene sindinawafunse, ngati azimayi a dimba aja ankavoteradi munthu wawoyo kapena ankangolandira n'kukachonga pena, komanso iwo ankafuna ziti pa ziwirizi. Mwina ndiwaimbira mawa ndikagula mayunitsi. Chifunga chafika mpaka pawindo.