Timabokosi titatu toyera

Lachinayi usiku, pa boma la Dedza. Tulo sitikubwera. Mvula ikuwaza pa malata chiyambire madzulo, ndipo mawu a aphunzitsi akundizungulirabe m'mutu, ndiye bola ndingolemba.

Milungu iwiri yapitayi ndakhala ndikuika heat map pa kapulogalamu ka pa intaneti ka alimi a mbatatesi a cha ku Bembeke. Midzi isanu ndi umodzi ili ndi mageji, zipangizo zoyezera mvula, ndipo mudzi uliwonse uli ndi munthu wowerenga geji 8 koloko m'mawa n'kutumiza nambala pafoni. Ntchito yanga inali yosandutsa manambalawo kukhala chithunzi, heat map ija: mzere uliwonse ndi mudzi, kabokosi kalikonse ndi tsiku. Mvula ikachuluka kabokosi kamada buluu, ikachepa kamayererako. Amene mumalowa pa GitHub mukutidziwa timabokosi tobiriwira tija, n'zomwezo. Ndinayamba ndi Chart.js, pulogalamu yojambulira matchati, koma ilibe heat map yakeyake mpaka uwonjezere kachigawo kena (plugin ya matrix), ndiye ndinasamukira ku inzake, ECharts, imene ili nayo kale, pamodzi ndi visualMap yogawira mitundu. Chithunzi chitatuluka ndinakondwa zedi.

Lero aphunzitsi anabwera kuno kudzagula feteleza. Anapuma ntchito kalekale, ndipo ndi iwo amene amawerenga geji ya m'mudzi mwawo. Tinakhala mu tiirumu, ndinawapatsa foni. Anavala magalasi, n'kuika chala pa mzere wa mudzi wawo, n'kumayenda nacho pang'onopang'ono ngati akuchonga kope la mwana. Chala chinaima pa timabokosi titatu toyera mbee, togundizana.

"Mwana wanga, apa ukunena kuti kwathu kunali dzuwa?"

Ndinati zikuonetsa kuti mvula inali ziro masiku amenewo, aphunzitsi.

"Wanena ziro ndani? Ine?"

Ndinakhala chete. Iwo anaika foni patebulo, pafupi ndi kapu, n'kunena motsitsa mawu kuti masiku atatu amenewo anali ku Mtakataka, kumaliro a achemwali awo. Kumudzi mvula inagwa usana ndi usiku mpaka kukokolola mizere m'minda ya m'munsi. Kunalibe wowerenga geji basi. "Ziro ndi nambala," anatero. "Ndikalemba ziro ndiye kuti ndinadzuka, ndinapita pa geji, ndinapeza mouma. Pamene sindinalembe, sindinalembe. Usandiyankhulire."

Ndinati pepani aphunzitsi, za zovutazo sindinamve. Anagwedeza mutu, akuti ndi za tonse. Koma mtima wanga unali utagwa kale, chifukwa ndinadziwa pomwepo pamene panali vuto, mzere wake wa mu pulogalamu ndikuuona ndi m'maso. Ndinalemba mm || 0. Mu JavaScript, chinenero chimene ndinalembera pulogalamuyi, ngati mm (mamilimita a mvula) ndi null, ndiye kuti palibe chinatumizidwa, kachidutswa kameneka kamaikapo 0. Ndinachita dala sabata yatha, chifukwa chithunzi chinkatuluka ndi mabowo, sichinkaoneka bwino. Ndinatseka mabowowo ndi bodza, ndipo bodzalo linagwera pa masiku a maliro a munthu.

Wina anganene kuti ndi timabokosi chabe. Ayi. Alangizi ndi atcheya a kalabu akufuna kumayang'ana chithunzichi pouza anthu za chiwawu, matenda aja owaula masamba a mbatatesi, amene amakonda chinyezi ndi kuzizira ngati kwa kuno kumapiri. Masiku atatu ouma ndi masiku atatu a mvula yosalekeza ndi malangizo awiri osiyana. Mlimi akachedwa kupopera chifukwa foni yamuuza kuti kunali ng'amba, munda umapsa m'masiku ochepa. Ndiponso milimita imodzi mu geji ndi lita imodzi ya madzi pa sikweya mita iliyonse ya munda, choncho nambala yooneka yaing'ono papepala ndi madzi ambiri m'nthaka.

China chimene chikundipweteka n'chakuti bambo amenewa salipidwa kanthu. Amadzuka m'mawa, chifunga chili thoo, n'kukaima pa geji ndi kope lawo lachikuto cha pulasitiki. Anandionetsa kopelo. Tsiku lililonse lili ndi mzere wake, ndipo pa masiku atatu aja anangojambula kamzere kopingasa ndi bolopeni yofiira. Iwo anasiyanitsa kale pa pepala zimene ine ndinasakaniza mu kompyuta.

Nditafika kunyumba magetsi anali atathima, ndinagwira ndi batire yotsala. Ndachotsa || 0 ija, null azikhala null. Timabokosi topanda nambala tsopano tikutuluka totuwa, ndipo pansi pa chithunzi ndalemba kuti "sizinalembedwe". Ndasinthanso ziro weniweni kuti asamayere ngati pepala, akhale ndi mtundu wake wotuwira chikasu, poti padzuwa pa foni zazing'ono za itel zija buluu wofowoka ndi woyera sizisiyana. Nambala ya tsiku inkaoneka pokhapokha ukayendetsa mouse pamwamba pa kabokosi, zomwe pafoni kulibe, ndiye ndaonetsetsa kuti munthu akagunda ndi chala izituluka. Zimenezo sizinavute.

Chovuta ndi ichi. Tikusiyana pa depoti, aphunzitsi anandiuza kuti atabwerako kumaliro anapeza geji ili ndi mamilimita 58, madzi a masiku onse aja pamodzi. Ananditumizira nambalayo pa tsiku lobwerera, ndipo pa chithunzi changa tsikulo lada bii ngati kunagwa chimvula chimodzi choopsa. Nalonso ndi bodza. Ndikagawa 58 mofanana pa masikuwo, ndiye kuti ndapeka manambala amene palibe anawerenga. Ndikaitaya, mvula ya mwezi wonse ya mudziwo iperewera. Ndaganiza zolumikiza timabokosito kukhala bokosi limodzi lalitali, koma mtundu wake ukhale wa 58 kapena wa tsiku limodzi? Heat map imafuna nambala imodzi pa kabokosi kamodzi, ndipo ine ndili ndi nambala imodzi ya timabokosi tinayi.

Ndinawafunsa kuti iwo akanatani. Anangoti, "Undiimbire mawa ndikawerenga geji," n'kukwera minibasi, thumba la feteleza kondakitala ataliponya kumbuyo.

Batire yatsala pang'ono. Mvula ikuwonjezera kunjaku, ndipo ndikuganiza za midzi ina isanu ija, kuti mwa timabokosi toyera tonse tija ndi tingati tinali dzuwa lenileni.