Combi ndi apongozi anga

Boila ya m'nyumba mwathu ku Leeds ku England, makina aja otenthetsa madzi ndi nyumba yonse, inafa mu November, nyengo imene dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. Inali yachikale ija, ya thanki ya madzi ozizira kudenga ndi ina ya madzi otentha m'kabati pafupi ndi bafa. Ndinaitana mmisiri, ndipo asanavule n'komwe jekete ndinamufunsa khadi la Gas Safe, poti kuno sikuti aliyense wokhala ndi sipanala amaloledwa kugwira za gasi. Apa ndiye ndinadziona kuti ndine bambo wodziwa zinthu.

Iye anati ndisankhe. Kuli system boila, imene imasunga madzi otentha m'thanki, moti mipope ingapo imatha kuthamanga nthawi imodzi, kungoti madziwo akatha mumadikira. Kulinso combi, yopanda thanki, imene imatenthetsa madzi pompopompo mukangotsegula mpope. Kenaka anafunsa kuti: “Mumakhalamo angati muno?”

Ndinati atatu: ine, mayi akunyumba ndi mwana.

Sindinaname. Koma nyumba ya Mmalawi ku UK siwerengedwa choncho. Pali mlamu amene anabwera kudzakhala “masiku ochepa” pofunafuna ntchito, pali a kumpingo amene Lamlungu amangodutsa kudzapereka moni n'kuchoka usiku atadya kawiri. Onsewo sanabwere m'mutu mwanga. Ine maso anali pa kabati ija: thanki ikachoka, matumba a ufa ndi usipa wochokera kumudzi apeza pokhala. Ndinasankha combi ya makilowati 30. Mmisiri anati imatulutsa malita pafupifupi 12 a madzi otentha pa mphindi, ndipo mipope iwiri ikatsegulidwa malitawo amagawana. Ndinagwedeza mutu, maganizo ali pa usipa.

Mu January kunabwera apongozi anga kuchokera ku Dedza. Anafika akunena kuti iwo kuzizira amakudziwa, koma tsiku lotsatira anavala majuzi awiri, chitenje pamwamba. Chimene chinawasangalatsa mu England monse ndi mpope wa kukhitchini. Madzi otentha opanda nkhuni, opanda utsi! Ankadzuka m'bandakucha n'kumatsuka chilichonse, ngakhale mbale zotsukatsuka. Amene ali ndi combi akudziwa kuti ikamatenthetsa madzi a pampope imayamba yasiya ma radiator, zitsulo zapakhoma zofunditsa nyumba, ndiye apongozi akamatsuka nyumba imazizira, iwo n'kumadandaula kuti azungu sadziwa kumanga.

M'mawa wina ndinalowa m'bafa, n'kudzipaka sopo mutu wonse mpaka m'maso. Nthawi yomweyo kunsi apongozi anatsegula mpope mpaka kumapeto kuti anyike mphika wa nsima wa dzulo, nkhoko zifewe. Shawa yathu ndi yotchipa, ilibe kachipangizo kosunga kutentha pamodzimodzi. Madzi anachepa, kenaka anasanduka aja ochokera pansi pa nthaka ya kuno ku Yorkshire m'nyengo yachisanu.

“Mayooo!”

Mayi atamva kukuwa anatseka mpope kuti amvetsere bwino. Madzi onse otentha anabwerera kwa ine, ndipo ine n'kuti nditapotokola kale chotsegulira mpaka kotentha kwenikweni. Msana unapsa.

“Ambuye Yesu!”

Nditalumphira pakona ndinakhala chete, ndikupuma mwa befu. Mayi anaona kuti kwabata, anatsegulanso mpope wawo. Ine n'kuti ndangobwezera chotsegulira kozizira. Zinapitirira choncho: iwo akatsegula ine ndikuwe, ine ndikakuwa iwo atseke, sopo ali m'maso, dzanja likufufuza thaulo n'kupeza kathaulo ka mwana kojambulidwa abakha.

Kenaka ndinamva mapazi pa masitepe. Inu mukudziwa mwambo wathu: mkamwini ndi apongozi ngakhale panjira amapatukirana. Pano pakati pathu panali chitseko chokha, cha loko wosagwira bwino, ndi kathaulo kosakwana ngakhale ntchafu imodzi. Ndinatsamira chitsekocho ndi phewa.

Mayi anaima patali, ndipo ndikukhulupirira kuti nkhope analozetsa kukhoma.

“Apongozi, kwagwanji? Mwagwa kodi?”

“Ayi, amayi, palibe. Ndikupemphera.”

Anakhala kaye chete.

“Pitirizani, bambo. Pepani ndakusokonezani.”

Anatsika, n'kukatsegulanso mpope.

Masana ndinamuimbira mmisiri uja. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa mwaulemu kuti tsopano tilimo angati. Nditamuuza, anati nyumba yotere imafuna system boila ndi thanki yake, kapena ndiyambe ndaika shawa yokhala ndi thermostat, kachipangizo kosunga kutentha kaja. Mtengo wobwezeretsa thanki atautchula, ndinayang'ana kabati yodzaza ufa ija n'kunena kuti ndimuimbiranso. Panopa wolowa m'bafa amayamba walengeza pa masitepe, ndipo kukhitchini aliyense amachotsa dzanja pampope.

Mayi akunyumba ataimva nkhaniyi anaseka mpaka kukhala pansi, koma amayi awo sanawauze zoona zake. Ndiye apongozi anatumiza mawu pa gulu la WhatsApp la kubanja kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wa Mulungu, amene m'mawa amafuulira Ambuye ali m'bafa. Tsopano kukakhala chinkhoswe kapena msonkhano wa banja, amandiimbira pa vidiyo kuchokera ku Dedza kuti nditsegule ndi pemphero, ndipo amalume a mayi akunyumba adandaula kale kuti mawu anga akumveka otsika kusiyana ndi mmene anamvera.