Njira ya kummwera: kusiyanitsa wozembetsedwa ndi wogulitsidwa pa kafukufuku

Anyamata a ku Ethiopia akagwidwa ku Karonga kapena pa msewu wa M1 atapanikizana m'galimoto, nkhani imatuluka yakuti apolisi agwira anthu olowa m'dziko popanda zikalata, basi. Wochita kafukufuku sangalekere pomwepo. Pa munthu aliyense ayenera kufufuza ngati analipira kuti amuwolotse malire chabe, kapena alipo wina amene anamutenga n'cholinga chomudyera masuku pamutu. Yankho lake ndi limene limachititsa kuti munthuyo akadikire kundende kubwezedwa kwawo, kapena atetezedwe ngati wolakwiridwa. Chovuta n'chakuti munthu yemweyo akhoza kukhala wozembetsedwa chabe ali ku Moyale, pa malire a Ethiopia ndi Kenya, n'kudzakhala wogulitsidwa atafika ku Johannesburg.

Malamulo ake anachokera ku Palermo, kumene mayiko anasainirana pangano la United Nations mu 2000. Panganolo lili ndi zigawo ziwiri zokhudza nkhaniyi. Chigawo cha kugulitsa anthu chimafuna zinthu zitatu pamodzi. Choyamba ndi chochitika: kulemba munthu, kumunyamula, kumupereka kwa wina, kumusunga kapena kumulandira. Chachiwiri ndi njira: kuopseza, kukakamiza, kuba munthu, kunamiza, kupezerapo mwayi pa umphawi kapena kufooka kwake, ngakhalenso kulipira amene akumuyang'anira. Chachitatu ndi cholinga, chomwe ndi kumugwiritsa ntchito yakalavulagaga, uhule wokakamiza, ukapolo kapena kumuchotsa ziwalo. Akakhala mwana wosakwana zaka 18, chachiwiricho sichifunika. Chochitika ndi cholinga n'zokwanira. Ndipo munthu wamkulu akanamizidwa kapena kuopsezedwa, mawu akuti "anavomera yekha" sagwiranso ntchito. Lamulo la Malawi la 2015 lothana ndi mchitidwewu linatsata ndondomeko yomweyi: zaka zofika 14 kundende pogulitsa munthu wamkulu, 21 akakhala mwana, ndipo zikaipitsitsa, moyo wonse.

Kuzembetsa pamalire ndi mlandu wina. Pamafunika kuwoloka malire mosaloledwa komanso phindu kwa wozembetsayo, ndipo wolakwiridwa pamenepa ndi boma. Kugulitsa munthu sikusowa malire. Mwana wotengedwa m'chigawo cha kummwera kwa Malawi kukagwira ntchito pa esiteti ya fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji sanatuluke m'dziko. Amayi a ku Malawi amene anapita ku Oman kukagwira ntchito zapakhomo ananyamuka ndi pasipoti yeniyeni ndi viza, palibe amene anadumpha malire, koma atafika ambiri analandidwa mapasipoti, ndipo dongosolo la kafala, limene limamangirira chilolezo cha wantchito kwa bwana wake, linawatsekera njira yochoka.

Tsopano njira yeniyeniyo. Ambiri a ku Ethiopia amene amadutsa kuno ndi anyamata a m'madera a Hadiya ndi Kembata, cha ku Hosaena ndi Durame. Amatulukira pa Moyale, n'kudutsa Kenya ndi Tanzania, kulowa m'Malawi cha ku mtsinje wa Songwe kapena panyanja, ena n'kupumira pa Dzaleka ku Dowa, kenako Dedza kapena Mwanza, Tete, Zimbabwe, mpaka Beitbridge. Ena amakhotera ku Zambia. Kafukufuku wa 2009 wa IOM, bungwe loona za anthu osamuka m'mayiko, anayerekeza kuti amuna 17,000 mpaka 20,000 a ku Ethiopia ndi Somalia amayenda njirayi chaka chilichonse. Palibe dalaivala mmodzi amene amawanyamula kuchokera kwawo mpaka kukafika. Amapatsirana, aliyense ndi chigawo chake, ndipo ndalama imalipidwa pang'onopang'ono, kawirikawiri ndi wachibale amene ali kale ndi kagolosale ku South Africa.

Kupatsirana kumeneku ndi kumene kumagwetsa mafomu ambiri a kafukufuku. Fomu yokhala ndi bokosi limodzi pa munthu, "wozembetsedwa" kapena "wogulitsidwa", imanama chifukwa imapanikiza ulendo wa miyezi ingapo m'yankho limodzi. Chimene chimathandiza ndi kudula ulendowo m'zigawo, mzere umodzi pa chigawo chilichonse, kuyambira pamene munthu anaperekedwa m'manja mwa wina mpaka pamene anaperekedwanso. Pa mzere uliwonse mulembe zisanu: anali m'manja mwa yani, analipira ndani ndipo zingati, mtengo unasintha kapena ayi, akanatha kuchoka akanafuna, komanso anagwira ntchito iliyonse imene sanalipidwe. Mukatero mumaona malo enieni amene zinthu zinatembenukira. Nthawi zambiri ndi m'nyumba zobisaliramo, pamene chitseko chimakhomedwa kunja, foni n'kuperekedwa kuti aimbire abale awonjezere ndalama. Akatswiri amasiyana maganizo ngati kumeneku kuli kugulitsa munthu kapena kumugwira ndi kulanda ndalama, ndiye musankhe mbali imodzi musanayambe, muilembe poyera, n'kuitsata pa anthu onse. Malo ena otembenukira ali kumathero: mnyamata wafika, koma akuuzidwa kuti agwira ntchito m'sitolo osalandira kanthu mpaka ngongole ya ulendo ithe, ngongoleyo n'kumangokula. Apa zinthu zitatu zija zikhoza kukwana, ngakhale mwini sitoloyo ali msuweni wake.

Pa kafunsidwe, funso lakuti "Kodi munagulitsidwa?" ndi lotaya nthawi. Munthu amene banja lake linagulitsa ng'ombe kapena munda kuti iye anyamuke savomera zimenezo, ndipo wozembetsa amamuona ngati womuthandiza, mwinanso ngati munthu amene adzamufunenso akabwezedwa. Funsani zogwirika. Pasipoti kapena foni ankasunga ndani? Chitseko ankatsegula ndani? Amene anakana kulipira anamutani? ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, ili ndi zizindikiro 11 za ntchito yokakamiza, monga kulandidwa zikalata, kumanidwa malipiro, ngongole yomangirira munthu ndi kuletsedwa kuyenda, ndipo chilichonse chikhoza kusanduka funso lachindunji lotere.

Womasulira ndi theka la kafukufukuyu. Ambiri mwa anyamatawa chinenero chawo chenicheni ndi cha Chihadiya kapena Chikembata, Chiamuhariki n'chachiwiri. Kutenga womasulira pamalo pomwepo pamene iwo akusungidwa n'kotchipa, koma ngati akudziwana ndi ozembetsa, mayankho onse amatuluka ofanana ngati oloweza. Chimodzimodzi kufunsira m'chitolokosi wapolisi ali pakhomo. Mukaona anthu khumi akutchula mtengo umodzi, masiku ofanana, ndiponso onse akuti sakumudziwa amene anawanyamula, dziwani kuti zimenezo anachita kuphunzitsidwa. Maina asalembedwe pa fomu, pakhale nambala, ndipo pepala lolumikiza nambala ndi dzina lisungidwe kwina. Musanayambe kufunsa, dziwiranitu kumene mungatumize mwana kapena munthu wovulala. Kumufunsa munthu mpaka kuulula zoopsa kenako n'kungomusiya ndi zikomo ndi nkhanza, ngakhale fomu itadzazidwa bwino.

Ziwerengero nazo zili ndi misampha yake. Lipoti la UNODC, ofesi ya United Nations yoona za mankhwala osokoneza bongo ndi umbanda, limawerenga anthu ogulitsidwa amene anapezedwa, choncho nambala ikakwera mwina apolisi ndi amene achita khama chaka chimenecho, osati mchitidwe wakula. Ziwerengero za ILO, IOM ndi Walk Free, bungwe lolimbana ndi ukapolo wamakono, zakuti mu 2021 anthu 27.6 miliyoni anali pa ntchito yokakamiza ndi zoyerekeza kuchokera ku mafunso a m'makomo, ndipo ntchito yokakamiza si yofanana ndendende ndi kugulitsa anthu. Kuika nambala ziwirizi pa tebulo limodzi ngati zikuyeza chinthu chimodzi ndi cholakwa chofala kwambiri m'zolemba za ophunzira.

Pofuna kuyerekeza amene sanapezedwe, pali njira yofanana ndi yowerengera nsomba m'dziwe: kugwira, kuika chizindikiro, kubweza, n'kudzaona zingati zachizindikiro zagwidwanso. Home Office, unduna wa zam'dziko wa ku Britain, inagwiritsa ntchito njira yamtunduwu mu 2014 n'kuyerekeza kuti m'dzikomo munali anthu 10,000 mpaka 13,000 amene anali mu ukapolo wamakono. Nachi chitsanzo chongopeka kuti masamu amveke. Kaundula wa apolisi ali ndi anthu 40, wa bungwe lothandiza ali ndi 30, ndipo 10 ali m'makaundula onse awiri. Mumachulukitsa 40 ndi 30, n'kugawa ndi 10: anthu 120. Tsono onani mmene zimasokonekera. Ngati apolisi ndi amene amatumiza anthu kubungwelo, opezeka konsekonse amachuluka, tinene 20, ndipo yankho limatsika kufika 60. Ngati dzina limodzi lalembedwa mosiyana ku Karonga ndi ku Lilongwe, zimene zimachitika kwambiri ndi maina achilendo, mumangopeza 5, yankho n'kukwera kufika 240. Kuwonjezera apo, njirayi imafuna gulu lokhazikika, pamene anthu a njira ya kummwera lero ali ku Mzimba, sabata yamawa ku Tete. Kwa ine, pa odutsa otere nambala yotuluka m'masamuwa ndi yosayenera kuiika m'lipoti lopita kuboma. Imagwirako pa anthu okhala malo amodzi, monga a pa esiteti.

Akufa ndiwo amawerengeka mosavuta, mwatsoka. Mu March 2020 anthu 64 anapezeka atafa m'kontena ya thiraki yochokera ku Malawi itaimitsidwa m'chigawo cha Tete, 14 ali moyo. Mu October 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka manda a anthu 25, ena n'kupezekanso masiku otsatira mpaka pafupifupi 30. Mu December chaka chomwecho mitembo 27 inatayidwa pafupi ndi Lusaka. Mlandu wa ku Mtangatanga unazengedwa ngati wogulitsa anthu ndi kupha, koma mu 2024 khoti linamasula oimbidwa mlanduwo. Wophunzira aone vuto la umboni pa milandu yotere: cholinga chodyera munthu masuku pamutu chimatsimikizika ndi mawu a amene anali paulendo, ndipo iwowo amakhala atamwalira, atapitirira ulendo, kapena atabwezedwa kwawo mlandu usanalowe m'khoti.

N'chifukwa chake poyesa ngati ndondomeko ya boma yokhwimitsa malire yagwira ntchito, chiwerengero cha ogwidwa pachokha sichinena kanthu. Pafunika kutsata zinthu zitatu kwa zaka zingapo: mtengo wa ulendo wonse, masiku amene umatenga, ndi mtundu wa galimoto imene ikugwiritsidwa ntchito. Zipata za apolisi zikachuluka pamsewu, ozembetsa sasiya ntchito. Amakweza mtengo, amasiya minibasi n'kutenga kontena yotseka, kapena amayendetsa anthu usiku m'nkhalango. Mtengo ukakwera ngongole imakula, ndipo mizere ya kumathero pa fomu ija, ya ntchito yosalipidwa m'sitolo, imayamba kuchuluka. Pa fomuyo muikenso bokosi lachitatu, lakuti "umboni sunakwane", ndipo polemba lipoti munene anthu angati anagwera m'bokosi limenelo m'malo mowagawira ku mabokosi awiri enawo.