Mkulu wa migolo amene samwa vinyo

Pa zithunzi zonse zomwe ndinabwera nazo kuchokera ku Joni, chomwe ana anga akusekabe mpaka lero ndi chija mutu wanga uli mumgolo, matako ali kumwamba. Anandijambula ndi msuweni wanga, yemwe amasamalira maluwa ndi kapinga pa famu ina ya mphesa m'munsi mwa phiri la Simonsberg, kunja kwa tauni ya Stellenbosch.

Ndinapitako mu Malichi, kukolola mphesa kuli kumapeto. Kuchokera ku Cape Town ndi makilomita pafupifupi 50. Ndinakwera minibasi ku Bellville, ndipo khalidwe lake ndi lomwe lija la pa Wenela, siinyamuka isanadzaze. Lawirani m'mawa. Musanamizidwenso kuti mafamu ali pafupi ndi tauni. Ine ndinayenda wapansi dzuwa likuswa mtengo, n'kufika malaya atamatirira pamsana.

Msuweni anali asanaweruke, ndiye ndinalowa kaye m'chipinda cholawira cha alendo. R120, mitundu isanu. Ndimati ndikhuta. Mtsikana wake anathira kavinyo kongonyowetsa pansi pa tambula, n'kuyamba kundiuza kuti ndimva fungo la chokoleti, la fodya, la zipatso zakuda. Ndinanunkhiza mwaulemu. Ndinamva vinyo basi. Pambali panali kandowa kolavuliramo, azungu akulavula chinthu choti alipira ndalama. Ine wanga ndinameza yense, ndipo sindikupepesa.

Ulendo weniweni unayamba cha m'ma 4 koloko, pamene msuweni anandidutsitsa kuseri.

"Asuweni, bwerani mudzaone kwa eni ake," anatero.

Tinapeza bambo wina wachikulire, woonda, wa chipewa chakutha, akutsuka pansi ndi paipi. Aliyense pafamupo amangowaitana kuti Oom, ndiye kuti amalume m'chi Afrikaans. Atamva kuti ndachokera ku Malawi anatseka madzi, n'kutikodola kuti tilowe. M'katimo munali mdima ndi kuzizira ngati m'mawa wa Juni ku Dedza. Migolo yamatabwa inasanjikizana mpaka kudenga. Umodzi umalowa malita 225, omwe ndi mabotolo 300.

Oom sanandiuze za chokoleti. Anazula chotsekera pa mgolo watsopano wopanda kanthu n'kuloza kabowo kuti ndiikepo mphuno. Fungo la buledi wopserera pang'ono, lotsekemera. Anati opanga migolo amasonkha moto pakati pa matabwa kuti apindike, kenako n'kuwawaula m'kati. Palibe msomali, palibe guluu, ndi mikombero yachitsulo yokha imene imagwira zonse. Kenako anandionetsa mgolo wakale wochotsedwa chivundikiro. Apa ndi pomwe ndinalowetsa mutu. M'kati munali mofiirira ngati mwapakidwa utoto, muli timiyala tonyezimira ngati shuga.

Atatero anatenga kachubu kagalasi n'kutunga kawiri. Woyamba anali vinyo wa chaka chomwecho, wongotsiriza kuwira. Anandimanga m'kamwa ngati masuku osapsa. Wachiwiri anali atakhala mumgolo chaka chathunthu, wochokera m'munda womwewo. Anatsetsereka pakhosi mofewa, kafungo ka utsi kakutsalira m'mbuyo. Oom anati thabwa limapuma: kampweya kamalowa pang'onopang'ono n'kumafewetsa ukali wochokera m'makoko ndi m'njere za mphesa, vinyo wina n'kumauluka, ndiye ntchito yawo n'kuyendera mgolo uliwonse kumadzadziramo. Ukaiwala, vinyo amasasa. Apo ndiye ndinamvetsa. Aliyense amene anamwapo madzi a mumtsuko wa agogo amadziwa kuti si amodzi ndi a m'chigubu, ngakhale atungidwe pa mjigo umodzi.

Ndinafuna kuonetsa kuti nanenso ndinayenda ndi maso. M'mawa ndinali nditadutsa mu Dorp Street, msewu wa mitengo ikuluikulu ya oak, ija Baibulo limaitcha thundu. Tauniyi anaikhazikitsa Simon van der Stel, mtsogoleri wa Adatchi ku Cape, mu 1679, ndipo mpaka pano amaitcha Eikestad, mzinda wa mitengo imeneyi. Ndiye ndinati, "Oom, muli ndi mwayi, matabwa muli nawo pakhomo."

Anaseka mpaka kutsokomola. Mitengo ya ku Cape imakula mofulumira chifukwa kulibe chisanu choopsa, choncho thabwa lake ndi lamibowomibowo, silisunga vinyo. Migolo imachokera kunja, yambiri ku France, ina ku America. Ndipo ukagwira ntchito katatu kapena kanayi fungo lake limatha, n'kukathera kwa msuweni wanga kuti adzalemo maluwa. Mukadabwa mtengo wa botolo, yambirani pamenepo.

Vinyo yemwe ndimalawayo anali Pinotage, mtundu wa mphesa wobadwira komweko. Abraham Perold anaupanga mu 1925 pokwatitsa mphesa za Pinot noir ndi za Cinsaut. Mayina otere simungawaphonye, ali pa zikwangwani ndi m'timabuku ta alendo: Perold, Van der Stel ndi famu yake ya Constantia ya mu 1685, Afalansa othawa kuzunzidwa chifukwa cha chipembedzo amene anafika mu 1688 n'kukakhala ku Franschhoek, ndi Jan van Riebeeck, mtsogoleri woyamba wa Adatchi kumeneko, amene analemba kuti pa 2 Febuluwale 1659 anafinya vinyo woyamba ku Cape. Koma makasu anagwira ndani? Akapolo ochokera ku Madagascar, India, Indonesia ndi kwa anansi athu ku Mozambique, mpaka ukapolo utathetsedwa mu 1834. Awo mayina awo sindinawaone pa khoma lililonse lomwe ndinawerenga tsikulo.

Mwachikhalidwe chathu sindikanamwa ndekha mkulu akungoyang'ana. Ndinawapatsira tambula ndi manja awiri. Anapukusa mutu. Anati amanunkhiza, akafunika kulawa amalawa n'kulavula, koma kumeza ayi. Bambo awo ankagwira ntchito m'minda yomweyi, ndipo gawo la malipiro awo linali vinyo wotchipa wothiridwa m'kachitini kangapo patsiku. Amati dop. Lamulo linaletsa zimenezi kalekale, koma m'mafamu ena zinapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1990. Ananena mopanda mkwiyo, akupukuta kachubu kaja ndi kansanza. Ine manyazi anandigwira pokumbukira mmene ndinasekera kandowa kaja mumtima. Ndinasowa poika tambula.

Potuluka ndinatulutsa R50 kuti ndiwathokoze. Anakana. M'malo mwake analowa m'kanyumba kena n'kutuluka ndi phava la mphesa zakuda zotsala pokolola, tating'ono, tanjere zambiri, totsekemera kuposa zonse za m'sitolo. Tinadyera m'njira ndi msuweni, tikulavula njere m'mbali mwa msewu.

Botolo ndinagulabe limodzi, la R280, mtima ukuwawa. Ndinalikulunga m'chitenje pakati pa zovala, n'kudutsa nalo pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, basi ikagunda bampu ine mtima phaa. Linafika lamoyo. Tinalitsekula pa Khirisimasi kumudzi, ine ndikufotokoza za migolo ya ku France ngati mphunzitsi. Amalume anga analawa, n'kukwinya nkhope, n'kutuma mwana kuti akatenge shuga.