Mabuku a Ets Haim, tsiku la mvula ku Amsterdam

Mvula ya ku Amsterdam imangowaza tsiku lonse, kuzizira mpaka m'mafupa. Ndinafika pa sunagoge wa Ayuda ochokera ku Portugal, pafupi ndi msika wa Waterlooplein, nsapato zitanyoweratu. Nyumbayi inamalizidwa mu 1675 ndipo mpaka lero mkati mwake mulibe magetsi. Amayatsa makandulo, pansi amathira mchenga. Mukapitako valani juzi yokhuthala, ndipo musapite Loweruka, ndi Sabata. Za mtengo wa khofi kumeneko ndisanene, mtima ungawawe.

Chimene ndinkafunitsitsa ndi laibulale yawo, Ets Haim, kutanthauza mtengo wa moyo. Kuti mulowe mumayenera kupangana nawo pasadakhale. Ndinaima pabwalo manja ali m'khwapa. Bambo wina wachikulire amene ankatsogolera kagulu ka alendo anandiyang'ana, nafunsa kumene ndachokera. Nditatchula Malawi anati, "Mwachokera kutali, bambo. Mmodzi wathu sanabwere, tiyeni."

Tizipinda take n'tating'ono, mashelefu mpaka kudenga, fungo la mapepala akale. Laibulaleyi inayamba mu 1616. Eni ake anali zidzukulu za Ayuda amene anathamangitsidwa ku Spain mu 1492, ena n'kukakamizidwa kubatizidwa ku Portugal mu 1497. Pofika ku Amsterdam ambiri Chiheberi sankachidziwa, mapemphero a makolo awo anali ataiwalika. Anayenera kukhala pansi, akulu ndi ana omwe, kuphunziranso chipembedzo chawo kuchokera m'mabuku. N'chifukwa chake muli mabuku ambiri a Chisipanishi ndi Chipwitikizi pambali pa a Chiheberi. Pano ankaphunzitsiranso marabi, atsogoleri a chipembedzo cha Ayuda, ndipo mu 1889 woyang'anira laibulale, David Montezinos, anapereka mabuku ake onse.

Bamboyo anatsitsa mawu pofotokoza za Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. A Nazi, olamulira Germany amene ankapha Ayuda nthawiyo, anapakira mabukuwa m'mabokosi n'kupita nawo ku Germany. Mu 1946 ambiri anabwerera. Owerenga ake ambiri ndiwo sanabwerere.

Ndinakumbuka kabati ya kutchalitchi kwathu, mmene chiswe chinadyera mabuku a ubatizo a agogo athu ife tikuona. Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe.

Potuluka ndinafuna kuwapatsa kangachepe. Anakana, anangondilozera pokwerera tram, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, mvula ikuwazabe.