Zikomo kwa amayi a ku Chikwawa amene ananyamula kafukufukuyu pachifuwa

Lachisanu lapitali ndinaima pamaso pa aphunzitsi atatu kuteteza kafukufuku wanga wa digiri ya Masters, wokhudza utsi wa pophika ndi mapapo a amayi ndi ana. Anandipanikiza ndi mafunso kwa maola awiri, ananditulutsa panja, kenako n'kundiitananso kudzandiuza kuti ndakhoza. Ambiri mwandiimbira ndi kundilembera pa WhatsApp, ndipo mafuno anu ndawalandira ndi manja awiri. Koma anthu oyenera kumva zikomo wanga poyamba, ambiri a iwo alibe foni. Ndikulemba pano kuti ana awo ndi abale awo okhala ku Blantyre, ku Nchalo ngakhale ku Joni akawafikitsire mawuwa. Maina awo ndi dzina la mudzi sinditchula, chifukwa ndinalonjeza zimenezo tsiku limene ankadinda chala pa fomu yovomereza.

Amayi anga a ku Chikwawa, inu munavomera chinthu chimene ine mwina sindikanachivomera. Tinakuvekani kachipangizo konga wailesi yaing'ono, kokhala m'kathumba pachifuwa, kolira ng'ung'ung'u usana ndi usiku kwa masiku awiri athunthu. Munapita nako kumunda, kumjigo, kuchigayo, ndipo usiku munkakaika pambali pa mkeka. Kamakoka mpweya womwewo umene munthu akupuma n'kuudutsitsa pa kapepala koyera kosefera. Ine pofotokoza tsiku loyamba pabwalo ndinagwiritsa ntchito liwu loti "kamapopa mpweya", ndipo bwalo lonse linangoti zii. Anthu sanaiwale mphekesera za anamapopa za mu 2017, zimene zinaphetsa anthu m'maboma a kumwera. Anyakwawa, inu munaimirira, munatenga kachipangizoko m'manja mwanga n'kukavala pakhosi panu, n'kunena kuti mukagona nako, ndipo mawa anthu adzaone ngati mwazi wanu watha. M'mawa mwake amayi anabwera okha kudzalembetsa. Popanda usiku umenewo, kafukufukuyu akanathera pabwalo pomwepo.

Funso limene linanditengera kumeneko si langa ndekha. Bungwe la WHO linayerekeza kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, ndipo kuno kwathu pafupifupi banja lililonse limaphikira nkhuni kapena makala. Nzeru yachidule imati patsani anthu mbaula yosafuka ndipo chibayo chichepa. Zimenezi zinayesedwa m'dziko momwe muno. Kafukufuku wa CAPS, amene anachitikira ku Chikwawa ndi ku Karonga, anatsatira ana oposa 10,000 osafika zaka 5 m'midzi 150, ndipo mabanja ena anapatsidwa mbaula zokhala ndi fani ya batire pamodzi ndi sola yotchajira. Zotsatira zake zitatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2017, chibayo sichinaoneke kuti chachepa mwa ana a m'mabanja amene analandira mbaulazo. Nditawerenga zimenezi sindinagone bwino. Ndinakulira m'khitchini ya agogo anga, imene denga lake linali bii ndi mwaye wolendewera ngati ndevu, ndipo chifuwa chawo chinali chosatha. Ndinkafuna kudziwa kuti utsiwo ukulowera pati ngati mbaula yabwino ili pakhomo.

Ndinapita kumudzi ndikudziona ngati mlendo wobwera ndi kalumo kakuthwa, koma yankho lalikulu linachokera kwa mayi wina wachikulire amene sanapiteko kusukulu. Anali ndi chitetezo mbaula, ija ya dothi, yosamalika bwino, koma madzulo aliwonse nsima ankaphikira pamafuwa. Nditafunsa, sanayankhe ndi pakamwa. Anandipatsa mthiko, natereka mphika wa anthu khumi pambaula paja, n'kuti, "Mwanawe, thyakula." Mphika unayamba kugwedera, ndinasowa pouponda, phala linandithovukira padzanja. Pamafuwa iwo amautsamiritsa ndi chikuni n'kupondapo ndi phazi, manja onse awiri n'kukhala pamthiko. Mbaula inali ya ndiwo ndi tiyi. Kenako anandizunguliritsa pakhomo: apa amatenthapo zinyalala, apo mwamuna wawo amasutirapo fodya, uko ana amaotchako mbatata, kutsidya anthu akuotcha njerwa. Mayi, chaputala chachinayi cha buku langa chinabadwa madzulo amenewo, ndipo chipsera cha phala lija ndikadali nacho.

Ndikuthokozanso aphunzitsi anga, amene sanali a mbali imodzi ya maphunziro, ndipo nthawi zina sankamvana chinenero. Adokotala a mapapo anandiphunzitsa kuwerenga kapumidwe ka mwana, kuti mwana wa zaka ziwiri wopuma maulendo 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena amene nthiti zikulowa m'kati, asagonekedwe pakhomo. A zachilengedwe anandikhazika mu labu miyezi yambiri ndikuyeza kulemera kwa timapepala tija, tisanapite kumudzi komanso titabwerako. Timapepalato tinkapita toyera ngati ufa woyera, tinkabwera totuwa, tina takuda bii. Chimene chimatidetsa ndi tinthu totchedwa PM2.5, tochepetsetsa moti tsitsi limodzi la munthu limatiposa kunenepa pafupifupi ka 30, ndipo timatsika mpaka m'timatumba ta mpweya m'mapapo. Malire amene WHO inaika mu 2021 ndi mamaikulogalamu 15 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya pa tsiku, ndipo kapepala kalikonse kakuda ndinkakaika pasikelo ndikudziwa nkhope ya mwini wake. A injiniya, nditawauza za mphika wogwedera, sanateteze mbaula. Anapita nane kumudzi ndi tepi yopimira, n'kukhala pansi ndi oumba mbiya tsiku lonse. Ndipo amayi a psychology, maphunziro a maganizo ndi khalidwe la anthu, ndi amene anang'amba mafunso anga oyamba. Ndinali nditalemba kuti, "Kodi mumagwiritsa ntchito mbaula tsiku lililonse?" Iwo anati munthu wa ulemu sangauze mlendo kuti mphatso yake ili pakona, funsa kuti dzulo madzulo anaphika chiyani, paziti, ndi mphika uti. Mayankho anasinthiratu. Onse anayi, Mulungu akudalitseni, makamaka pondisiya kuti ndilembe zimene ndinaona, osati zimene tonse tinkalakalaka kuona.

Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anafika ntchito ili pakati. Ku Blantyre phiri la Soche linagumukira anthu ku Chilobwe, ndipo kuchigwa cha Shire madzi anasefukira m'midzi. Anthu oposa 1,000 anatisiya m'dziko muno, kolera ikadali m'kati. Misewu itatheka kuyendamo ndinatsika ku Thabwa mtima uli m'mwamba, osadziwa amene ndikawapeze. Makhitchini ambiri amene ndinawayeza anali atagwa, mbaula za dothi zitasungunuka. Mabanja ena ndinawapeza pamsasa pasukulu ya pulayimale, akuphikira pa njerwa zitatu ndi nkhuni zonyowa, utsi uli tolotolo, ana akutsokomola pakhonde la kalasi. Mmodzi mwa amayi amene ndinkawayendera sitinamuonenso. Ndinabwerera kunyumba nditatsimikiza kusiya, chifukwa ndinkaona kuti n'chipongwe kufunsa za utsi munthu amene alibe denga.

Patapita masabata angapo mlangizi wa zaumoyo wa kuderako, HSA amene ankandiperekeza panjinga, anandiimbira. Anati pali mayi amene akundifuna. Mayiyo, madzi atalowa m'nyumba usiku, anabereka mwana kumbuyo, anatenga kathumba ka ufa, ndipo kachipangizo kathu, kamene kanatsalira kwa iwo, anakakulunga m'pulasitiki n'kukamangirira m'chitenje m'chiuno. Anakasunga pamsasa nthawi yonseyo. Atandipatsa anangoti, "Katundu wa eni satayidwa. Nanga mubwera liti kudzamaliza?" Ndinalira pamaso pa anthu. Bambo mlangizi, mafuta a njinga yanu yamoto munakana kuti ndikubwezereni, ndipo sindinaiwale.

Mu Novembala chaka chomwecho Kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndalama yogulira timapepala tosefera, timene timachokera kunja, inangokwana theka. Anzanga a mu labu munagawako tanu, wina khumi, wina tisanu, osalemba ngongole. Mnzanga wa masamu, unakhala nane mpaka usiku magetsi atazima, tikuunika ndi tochi ya foni, kukonza manambala a mabanja amene anasamuka. Zikomo achimwene ndi achemwali anga.

Amayi ondibala, munasiya munda wanu kumudzi nyengo ziwiri kudzandilerera mwana. Anayamba kuyenda ine ndili ku Chikwawa, ndipo ndi inu munamugwira dzanja. Bambo a kunyumba, munapirira mkazi wobwera akununkha utsi n'kugona pakompyuta, ndipo tsiku limene ndinati ndasiya simunanditsutse, munangobisa kalata imene ndinalemba ija mpaka mtima wanga utatsika. Agogo sanadikire kuona tsikuli, koma dzina lawo lili patsamba loyamba.

Anyakwawa ndalankhula nawo kale. Loweruka la sabata yamawa ndikubwera kudzafotokoza pabwalo zonse zimene tinapeza, m'chinenero chathu, banja lililonse limve lokha za pakhomo pake. Ndibwera ndi a injiniya aja, atanyamula mbaula ziwiri za tsinde lotambalala zimene anaumba ndi amayi oumba mbiya. Ufa ndi nyemba ndigula ndine. Mayi munandipatsa mthiko aja, chonde mudzabwere ndi mphika wanu womwe uja wa anthu khumi.